Sutikesi ya Kasitomala Woyamba

Bizinesi yanga inabadwira m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya achemwali anga, momwe ankaponyamo ndowa zobooka ndi mipando yothyoka miyendo. Ntchito itandithera kusitolo ya nsalu, ndinakhala pakhomopo ndikudya thukuta la alamu anga mpaka mbale inayamba kundilemera m'manja. Chuma changa chonse chinali makina osokera opalasa ndi mapazi, sizasi imodzi, ndi luso limene anthu ambiri saliyesa luso: kudula zovala zakale n'kulumikiza zigambazo kuti zikhale chofunda kapena pilo.

"Ndiye anthu azibweretsa nsanza zawo, n'kukulipira kuti uwabwezere nsanza zomwezo?" anafunsa achemwali akupukuta misozi ya phwete.

"Zizibwerera zitasokedwa."

"Kachipindako tenga. Koma za lendi ukagwirizane ndi makoswe, eni ake ndi amenewo."

Ndinasesa, ndinakolopa, ndinapaka laimu. Tebulo lodulirapo nsalu anandikhomera a Kalipentala, ndipo apa ndiye pali nkhani. Bambowa anayamba kundifunsira ndidakali kusitolo kuja. Ndi munthu wofatsa, wa mawu ochepa. Chimene ena amanena ndi pakamwa, iwo amachinena ndi matabwa: ndikadandaula msana lero, mawa kwabwera mpando. Mtima wanga unawalola kalekale, ndisaname. Koma mkazi wawo anamwalira zaka zingapo zapitazo asanawasiyire mwana, ndipo kunyumba kwawo ndinali ndisanapondeko. Mayi awo ndinkangowamvera mbiri, yoti sakufuna n'komwe kumva za ine. Anali atasankha kale wawo, mng'ono wake wa malemuyo, amene ankapitabe kukawasesera ndi kuwachapira.

Amoyo sankandiopsa. Ndi wamoyo mumayankhulana zakukhosi, nkhani n'kutha. Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti sindinkadziwa ngati mumtima mwa a Kalipentala munali malo anga, kapena womwalirayo anali adakali chikhalire pampando wake.

*

Tsiku lotsegula a Kalipentala anabwera atanyamula chikwangwani paphewa, tsitsi lili mbuu ndi utuchi.

"Kasingano, tatulukani muone ngati ndalemba bwino."

Amanditchula choncho chifukwa ndine wochepa thupi, komanso akuti pakamwa panga pamabaya. Ndinatuluka. Zilembo zake zinali zofiira, zoongoka bwino: TIMASOKA ZOFUNDA NDI MAPILO KUCHOKERA KU ZOVALA ZAKALE.

"Chakongola," ndinatero. "Koma ine ndekha ndiye bwana, telala, wosesa ndi mlonda. Anzanga osoka nawo ali kuti?"

"Ndilipo ine. Ndizikulowetserani ulusi."

"Ndi zala zimenezo? Singano ikakuonani idzathawa."

Anakwera pampando n'kuyamba kukhoma chikwangwanicho pampanda, ine ndikuwapatsira misomali. Ndinaona kuti mpata ndi womwewu.

"Mumsewu monse muno adziwa lero kuti ndilipo. Nanga kwanu adzadziwa liti?"

Hamala inaima m'malere.

"Mayi akadali ndi chisoni. Mpongozi wawo ankamukonda ngati mwana wobala okha."

"Ndi mayi okha amene ali ndi chisoni?"

Anayang'ana msomali ngati ndiwo wafunsa funsolo. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, Kasingano."

"Nkhono imeneyi ndaidikira mpaka nanenso ndayamba kumera chigoba."

Anaseka, koma kuseka kwake kunathera pamano. Atatsika anandiuza kuti mlungu wotsatira akupita kutali kukaika zitseko panyumba ina yatsopano, ndipo akakabwerako tidzakhala pansi. Anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lokhakhala lija, ine n'kuwakhululukira pomwepo ngati chitsiru, monga mwa masiku onse.

*

Mlungu woyamba makasitomala anga anali ntchentche. Ndinkakhala pakhomo pa kachipindako nditakoleka tepi m'khosi kuti odutsa aone kuti pali telala, iwo n'kumangondipatsa moni.

Tsiku lina chakum'mawa, a Kalipentala atapita kale kuntchito yawo ija, panafika amayi awiri. Wamkulu anali wa imvi, wovala magalasi, woyenda mowongoka. Wamng'ono anali msinkhu wanga, wokongola ndithu, atanyamula sutikesi yabulauni yomangidwa ndi lamba.

"Odi! Ndi pano posoka zigamba?"

"Ndi pompano, amayi. Lowani, khalani apa."

Ndinayala mapilo anga achitsanzo patebulo. Amayi aja sanawayang'ane n'komwe. Ankayang'ana ine, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nditatembenuka kuti nditenge chofunda chaching'ono pashelefu, ndinamva akukoka mpweya ngati munthu waponda munga.

"Muli bwino, amayi?"

"Ndili bwino, mwanawe. Ndi mwendowu." Anasisita m'mphepete mwa tebulo langa. "Tebulo labwino ili. Wokhoma wake ntchito amaidziwa."

"Amaidziwa kwambiri," ndinayankha ndikumwetulira ngati wopusa.

"Ndikufuna chofunda cha bedi lalikulu. Zovala zili umu. Mudule zonse, musasiye ngakhale chimodzi."

"Mwini wake sakuzifunanso?"

Anayankha ndi wamng'ono uja, maso ali kudenga. "Mwini wake sakuzifunanso."

Mtengo sanatsitse, nambala ya foni sanasiye. Anangoti abweranso okha. Munthu wozolowera malonda akanadabwa ndi kasitomala wosanenerera, koma ine chimwemwe chinanditseka maso. Atangotuluka pageti ndinathamangira kukhitchini kukawakumbatira achemwali, tinavina ngati ana.

*

Nditamasula lamba wa sutikesi ija, kachipinda konse kanadzaza fungo. Silinali fungo la nkhungu ngati la zovala zotayidwa. Linali la mafuta odzola ndi sopo, fungo la munthu amene wangotuluka kumene m'chipinda.

Sizinali nsanza. Munali madiresi, masiketi ndi mabulauzi abwinobwino, opindidwa mosamala. M'thumba la siketi ina ndinapezamo kapini ka tsitsi, tsitsi limodzi lidakali pamenepo. Ndinakaika pawindo, kenako ndinakachotsa chifukwa ndinkangokayang'ana.

Telala amawerenga chovala m'kati mwake. Nditatembenuza diresi la maluwa achikasu, ndinaona kuti linachepetsedwa m'chiuno. Lina linachepetsedwa kangapo, msoko uliwonse kulowerera m'kati kuposa unzake. Misoko yoyamba inali yaudongo, ya dzanja la mkazi wodziwa singano. Yomaliza inali ikuluikulu, yokhotakhota, ulusi wake wosagwirizana ndi nsalu, ya munthu amene wagwira singano koyamba. Ndinakhala pansi. Mwini zovalazi anatha thupi pang'onopang'ono ali m'zovala zake zomwezi, ndipo manja ake atafooka, wina womukonda anayesa kumusokera.

Thupi langa linachita tsembwe dzuwa likuswa mtengo. Mabulauzi amene ndinawapachika pawaya ankagwedezeka chikhalirecho kunalibe mphepo. Nditaika sizasi pansalu, ndinamva ngati kumbuyo kwanga kwaima munthu amene akufuna kunena kuti, "Pamenepo ayi." Ndinacheuka. Kunali chitseko basi.

Achemwali atabwera ndi tiyi, ndinawaonetsa misoko ija. Anaika kapu pansi msangamsanga.

"Iwe, izi ndi za munthu wotisiya. Bweza."

"Ndibwezera kuti? Kwawo sindikukudziwa. Komanso kasitomala woyamba sabwezedwa, achemwali. Zakaunjika zomwe timavala tonsefe, eni ake mumawadziwa kumene ali?"

"Pakamwa pakopo! Chabwino, koma chitsekochi usamatseke."

Ndinadula. Sizasi inalira m'nsalu ya maluwa achikasu, mtima wanga n'kulira nawo, koma ndinadula. Ndinadziuza kuti wina akufuna kufunda chikumbutso cha mwana wake, ndipo ine ndimusokera chokongola kuposa china chilichonse. Masiku otsatirawo ndinkapalasa makina kuyambira m'mawa, ndikuyimba mokweza kuti ndisamve chete wa kachipindako.

*

Chofundacho chitafika pakati, chinakongola moti ngakhale achemwali anaiwala mantha.

"Malonda ndi m'maso," anatero. "Jambula, uike pa sitetasi pafoni yakoyo anthu aone. Ukangodikira chikwangwani udzakalamba ndi ntchentche zako."

A Kalipentala ndinali ndisanawauze kuti ndapeza kasitomala. Tsiku lililonse ankatumiza uthenga wofunsa ngati kwabwera munthu, ine n'kumayankha kuti, "Dekhani, si inu munandiphunzitsa za nkhono?" Ndinkafuna adzaone okha, adzadziwe kuti tebulo lawo silinapite pachabe.

Ndinayala chofundacho patebulo, ndinaika madiresi odulidwa theka pambali kuti anthu aone kumene chachokera, ndinajambula. Kenako ndinalemba mawu okopa makasitomala monga ndimaonera anzanga akuchitira: *Musataye zovala zotha ntchito! Izi mwini wake anatopa nazo, koma taonani lero. Bweretsani nsanza zanu kuno.*

Anzanga anayamba kuyamikira nthawi yomweyo. Mayi wina wa kutchalitchi anafunsa ngati ndingamusokere mapilo. Koma ine ndinkadikira munthu mmodzi, amene nthawi zonse amakhala woyamba kuyankha ngakhale ndiike chithunzi cha mphaka. Foni inaonetsa kuti aona. Sanalembe kanthu.

*Mwaiona ntchito ya Kasingano wanu?* ndinatumiza.

Anawerenga. Zii.

*Kodi hamala yakugwerani pachala?*

Anawerenganso. Ndinaimba, foni inaitana mpaka kuduka yokha. Ndinaimbanso, anali ataithimitsa. Mpaka kunada sindinkadziwa kuti ndalakwa chiyani.

*

M'mawa mwake kunabwera wamng'ono uja, yekha. Sanaodire. Analowa n'kuima pafupi ndi tebulo, n'kuyang'ana chofundacho nthawi yaitali.

"Sichinathe, asisi," ndinatero. "Mundipatse masiku ochepa."

"Chatha ntchito yake. Alamu achiona."

"Alamu anu ndani?"

"A Kalipentala anu. Ine ndine mng'ono wake wa mkazi wawo. Amene ndinabwera nawo aja ndi mayi awo." Analoza zigamba zija ndi chibwano. "Nsanza mukunenazi ndi za achemwali anga."

Ndinakhala pansi pafupi ndi makina. Mawu aja ndinalemba pachithunzi anayamba kundizungulira m'mutu limodzilimodzi.

"Sutikesi imeneyi imakhala pamwamba pa kabati kuchipinda kwawo," anapitiriza. "Anapinda okha zovalazo. Palibe ankaloledwa kuikhudza, ngakhale kuipukuta fumbi. Mayi anati, popeza wapeza telala, telalayo amusokere chofunda, azifunda mkazi wake usiku uliwonse. Tione ngati pabedi pamenepo padzagone wina."

Manyazi anga anasanduka ukali. "Ndiye inu munanyamula zovala za m'bale wanu weniweni, wobadwa naye bere limodzi, kudzazipereka ku sizasi kuti mupeze mwamuna?"

Pamenepo ndinamubaya, ndinaona. Anagwira chigamba cha maluwa achikasu n'kuchisiya msanga ngati chamuotcha.

"Nsalu simva kuwawa. Amene ndinawadwazika ndine. Ndinkawatembenuza, ndinkawamwetsa madzi ndi supuni. Inu munali kuti? Lero mungotulukira n'kukhala pampando wawo?"

"Sindinalande mpando wa munthu. Anandifunsira okha."

"Anafunsira inu?" Anaseka misozi ili m'maso. "Mayi atachoka pano tsiku lija anakafika kunyumba n'kugona osadya. Akuti pamene munatembenuka paja, anaona mpongozi wawo atadzuka. Msinkhu, khosi, kaimidwe, mukayang'ana kumbali ndinu achemwali anga ndithu. Inenso ndinalephera kukuyang'anani. Chithunzi cha mkazi wawo anakuonetsanipo?"

A Kalipentala anali asanandionetsepo.

"Muwafunse chifukwa chake," anatero, n'kutuluka.

Ndinachotsa chithunzi chija pafoni, ngakhale madzi anali atatayika kale. Kenako ndinatenga kagalasi kanga n'kudziyang'ana. Nkhope inali yanga yomwe ija, ya chipsera cha pachibwano, koma kwa nthawi yoyamba ndinaiyang'ana ngati chovala chobwereka.

*

A Kalipentala anafika masana, ntchito ataisiya pakati, fumbi la ulendo lili m'nsapato. Achemwali anafuna kuwatsekereza pageti, ine ndinati alowe. Ndinali nditakonzeka kukalipiridwa. Kunena zoona ndinkafuna andikalipire, chifukwa munthu wokukalipira ndiye kuti akukuona.

Sanakalipe. Anakhala pampando uja anandikhomera, n'kukokera chofundacho pamiyendo pawo.

"Sindinadziwe," ndinatero. "Ndikulumbira, sindinadziwe. Mawu aja ndinalemba..."

"Ndikudziwa. Mayi andiuza zonse." Mawu awo anali otsika, osasa. Anayendetsa chala pazigambazo. "Iyi anavala tsiku limene tinalowa m'nyumba yathu. Iyi ankaikonda kukazizira. Iyi anaipsereza ndi ayironi, n'kunamizira ine."

Anafika pa chigamba china chimene ndinasiya dala msoko wokhotakhota uja chifukwa sizasi inandikanika kuudula.

"Apa ndinasoka ndine. Anandiseka mpaka kutsokomola. Anati nditsalire ku misomali."

Mwamuna wamkulu analira ngati mwana, mapewa akugwedezeka. Ndinagwada pambali pawo n'kuwagwira mkono, nanenso ndinalira. Ndinawamvera chisoni, ndinamumvera chisoni mayi amene sindinamuonepo, ndipo nsanje inandiluma pomwepo, nsanje yochitira munthu wakumanda. Ndinadzida nayo, koma inalipo.

"Ndikufunseni chinthu chimodzi," ndinatero atatonthola. "Akuti ndimafanana nawo. Ndi zoona?"

Anayang'ana pansi.

"Tsiku lija munalowa m'sitolo ya nsalu, inu kalipentala wosagula nsalu, munkafuna chiyani?"

"Ndinkangodutsa. Ndinakuonani pawindo mukupinda nsalu, mutayang'ana kumbali." Anakweza maso. "Koma pambuyo pake ndinakudziwani inuyo. Iye anali wofatsa, inu ndinu moto. Ndimadziwa kusiyana kwake."

"Mumadziwa nthawi zonse?"

Dzanja lawo linali litalowa m'sutikesi, likufufuza m'zidutswa zotsala ngati munthu wofuna chinthu m'phulusa. Pansi penipeni, kunsi kwa nsalu yoyala m'katimo, anasolola diresi lobiriwira limene ine sindinalione. Linali lathunthu, losachepetsedwa paliponse, la nthawi imene mwini wake anali wathanzi.

Anaimirira. Analitambasula pang'onopang'ono, n'kuliyerekeza pathupi langa, mapewa ake pamapewa anga. Linandikwana ngati anachita kundiyeza. Fungo lija linandikuta, ndipo kachipinda konse kanazizira.

"Limeneli lokha latsala," ananong'ona. "Tavalani. Kamodzi kokha, ndione. Mukavala, lero lomwe ndikutengani, tikaima pamaso pa mayi. Sadzatha kukukanani."

Mawu amene ndinawadikira miyezi yonseyi anali amenewo. Anabwera atakulungidwa m'diresi la womwalira.

"Ndikavala, muona ndani?" ndinafunsa.

Anangondiyang'ana. M'maso mwawo munali chikondi chimene ndakhala ndikuchipempha chiyambire, chodzaza mpaka kusefukira, koma chinkandidutsa n'kukagwera wina kumbuyo kwanga. Mutu wanga unati ndiwaponyere diresilo kumaso, ndiwalozere geti. Achemwali anaitana panja kufunsa ngati kuli bwino, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe.

Nditayang'ana pansi, ndinapeza zala zanga zitayamba kale kumasula mabatani a diresilo.